Kulowetsa ngolo ya boti chafutambuyo pa geti lopapatiza: vuto ndi geti kapena ndine?

Msodzi wa Loweruka analemba kuti:

Akuluakulu nonse a pano, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munazolowera kukoka ngolo ndi galimoto. Miyezi inayi yapitayo ndinagula boti la injini pamodzi ndi ngolo yake ya matayala awiri kwa mnzanga wina amene amasamukira kunja. Ndimakhala mu Lilongwe, ndipo kawiri pa mwezi ndimapita nalo ku Senga Bay kudzera msewu wa ku Salima. Pa msewu waukulu sindivutika, ndipo ngakhale kulitsitsira m'madzi ndayamba kuzolowera, popeza kunyanja malo ndi aakulu ndipo anyamata othandiza sasowa. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi geti la pakhomo panga pomwe.

Ndayeza zonse ndi tepi kuti mundimvetse bwino. Ngolo itanyamula boti ndi yotalika mamita 6.8 kuchokera pomwe imalumikizana ndi galimoto mpaka kumapeto kwa injini, ndipo m'lifupi mwake, kuyeza kunja kwa matayala, ndi mamita 2.2. Zonse pamodzi zimalemera pafupifupi makilogalamu 1,100. Pakati pa zipilala ziwiri za geti pali mamita 3. Msewu wa kutsogolo kwa nyumba ndi wa mamita 5 okha, ndipo mbali zonse ziwiri uli ndi ngalande zakuya kufika m'maondo. Kuchokera pa msewu kufika pa geti pali kamlatho ka simenti kotalika mamita 2, kotambalala mofanana ndi geti, ndipo kamakwera pang'ono kuchokera ku msewu. Galimoto yanga ndi Toyota Hilux yakale ya giya ya pamanja. Ndikamachokera ku Salima, geti limakhala kudzanja langa lamanzere.

Kulowa chamutu sikungatheke chifukwa mumpanda mulibe malo otembenukira, choncho ndiyenera kulowa chafutambuyo. Lamlungu lapitali ndinafika cha m'ma 7 koloko usiku, magetsi atazima, ndipo ndinatha mphindi 40 ndikungopita kutsogolo n'kubwerera m'mbuyo. Ndikafuna kuti ngolo ipite kumanzere inkapita kumanja, ndipo ndikati ndikonze inkapindika, mpaka mkono wake, chitsulo chakutsogolo chija cholumikiza ngolo ku galimoto, unagunda bampala n'kuifinya. Pomaliza tayala la kumanzere linaphonya m'mphepete mwa kamlatho n'kulendewera m'ngalande, nyali ya kumbuyo kwa ngolo n'kuphwanyikira pa chipilala. Amene anatithandiza kuinyamula ndi a kabaza anayi omwe anali ataima kudikira kuti ndiwapatse njira, uku kilatchi ikununkha moti mayi a kunyumba anathamangira kukhitchini poganiza kuti ndiwo zikupserera.

Funso langa ndi lakuti, kodi pamalo otere ngolo yotere ingalowe popanda kugumula chipilala, nanga ndiyambire pati? Mmisiri wina wandiuza kale mtengo wokulitsira geti, koma nyumbayi ndi ya lendi, ndipo sindikufuna kuyamba kukambirana zogumula ndi eni ake ndisanadziwe ngati cholakwika chili pa geti kapena m'manja mwanga.

Dalaivala Wopuma anayankha kuti:

Achimwene, pepani ndi zimene zinakuonekerani, koma chipilalacho musachigumule. Ndayendetsa mathiraki okoka ngolo kwa zaka zambiri pa njira ya ku Beira ndi ya ku Dar es Salaam, ndipo chimene ambiri sakhulupirira mpaka atayesa okha n'chakuti ngolo yaifupi ndiyo imavuta kubweza kuposa yaitali, chifukwa ikayamba kupindika imapindika munthu asanaganize chochita. Yanuyo si ya m'gulu la zovuta. Matayala a ngolo ya boti amaikidwa chakumbuyo chifukwa cha kulemera kwa injini, choncho mtunda wochokera pa cholumikizira kufika pa matayala ndi wautali, ndipo ngolo yotere imamva chiwongolero pang'onopang'ono n'kukupatsani mpata woikonza. Geti la mamita 3 likukusiyirani masentimita 40 mbali iliyonse. Amenewo ndi okwanira, bola matayala a ngolo afike pa geti ngoloyo itawongoka.

Nkhani yonse yagona pa kuwongokako. Geti limachepa munthu akamalowa mopendeketsa. Ngolo ikafika itapendekera madigiri 30, mamita 3 aja amasanduka pafupifupi 2.6, ndipo ikapendekera madigiri 45 amatsala 2.1, zomwe zikutanthauza kuti ngolo ya mamita 2.2 singadutse ngakhale pa chiwongolero patakhala katswiri wotani. Ndikukhulupirira kuti Lamlungu lija munali kulimbana ndi geti lomwe linali litachepa kale chifukwa cha mmene munaimikira galimoto musanaike giya yobwerera m'mbuyo. Ntchito yaikulu imachitika mukupitabe kutsogolo.

Lekani kufikira pa geti kuchokera mbali imene mumafikirayo. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu ndipo dalaivala amakhala kumanja, tsono geti likakhala kumanzere, ngolo ikangoyamba kukhota imabisala kuseri kwa galimoto, ndipo galasi la kumanzere limangokuonetsani nthiti za boti m'malo mwa tayala. Ife a mathiraki timalolera kuzungulira mtunda wautali kuti tipewe mbali imeneyi. Zungulirani msewu wina kuti mufike geti lili kudzanja lamanja, chifukwa mukatero mumatha kutsitsa galasi la chitseko, kusuzumira kunja, n'kumaona ndi maso anu tayala la ngolo pamodzi ndi m'mphepete mwa kamlatho.

Mukamayandikira, onetsetsani kuti kutsogolo sikukubwera galimoto, kenako yendani chakumanja kwa msewu, pafupi ndi ngalande ya mbali ya nyumba yanu, mwaliwiro la munthu woyenda pansi. Matayala a kumbuyo kwa galimoto akangodutsa geti, khotetsani kwambiri kupita kumanzere ngati mukufuna kukagwera m'ngalande ya tsidya linalo, ndipo musanafike m'mphepete bwezerani chiwongolero kumanja kuti galimoto iloze komwe msewu ukulowera. Imani pamene kumbuyo kwa boti kwadutsa geti pang'ono. Mukasuzumira mudzaona kuti ngolo yaima chopingasa, mchira wake utaloza ku geti, ndipo pakati pa galimoto ndi ngolo pali kupindika kolowera mbali imene mukufuna. Theka la kukhota kuja mwalipeza musanabwerere m'mbuyo n'komwe.

Za chiwongolero chimene chikukusokonezani, gwirani ndi dzanja limodzi m'munsi mwake, pomwe pa wotchi pamakhala 6. Dzanja likapita kumanja mchira wa ngolo upita kumanja, likapita kumanzere upita kumanzere, ndipo mutu wanu suvutikanso ndi kutembenuza zinthu. Koma musakhalitse pa kukhotetsa koyambako. Ophunzira ambiri amaona ngolo yayamba kulowera kumene akufuna, n'kusangalala, n'kusiya chiwongolero pomwepo, osadziwa kuti kupindika kukungokulirakulira. Ngolo ikangoyamba kukhota mokwanira, bwezerani chiwongolero mbali inayo kuti galimoto iyambe kuitsatira pambuyo, monga mmene munthu wokankha wilibala amazungulira ndi thupi lake kutsatira komwe tayala lalowera. Diso lanu likhale pa tayala la kumanja la ngolo, osati pa boti, ndipo cholinga chikhale chakuti tayala limeneli lidutse pafupifupi masentimita 30 kuchokera m'mphepete mwa kamlatho ndi pa chipilala chimene chili kufupi ndi inu. Mbali imeneyo ikalondola, mbali yosaoneka ija imatsala ndi malo okwanira yokha.

Kupindika kukafika poti ngakhale mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto ngolo sikuwongokanso, palibe luso limene lingaibweze mukupitirizabe m'mbuyo. Imani, pitani kutsogolo mita imodzi kapena awiri, ndipo idzawongoka yokha. Pamalo opanikiza ngati anuwo mudzafunika kutero kawiri kapena katatu musanalowe, ndipo palibe chochititsa manyazi, ngakhale ana a m'dera atadzaza m'mbali mwa msewu kuonerera. Ndinaonapo madalaivala aakulu akuphwanya katundu wa eni ake pa madepoti chifukwa chongofuna kulowa kamodzi anthu akuona.

Chinthu china chimene chimaiwalika ndi mphuno ya galimoto. Pamene mukutsatira ngolo, kutsogolo kwa galimoto kumataya kupita kumanzere, komwe kuli ngalande ya tsidya lina, ndipo pa msewu wa mamita 5 tayala la kutsogolo la kumanzere lidzafika pamphepete penipeni maso anu onse ali kumbuyo. Muziima kawirikawiri n'kuyang'ana kutsogolo, ndipo mukakayika tsikani mukaone.

Musaphunzirire pa geti panu. Pemphani bwalo la sukulu kapena la tchalitchi Loweruka masana, jambulani msewu, kamlatho ndi geti ndi phulusa monga amachitira pa bwalo la mpira, mogwirizana ndi miyeso yanu yomweyo, ndipo pamalo a zipilala imikani nsungwi m'zidebe za mchenga. Nsungwi ikagwa palibe wolipira.

Mayi wa ku Mangochi anayankha kuti:

Bambo, zimene afotokoza a Dalaivala ndi zoona, koma ine ndikuona ngati tikuvutitsa nkhani yosavuta. Kwathu kuno tili ndi boti locheperako pang'ono kuposa lanu, ndipo kanjira kolowera pomwe timalisunga kali pakati pa mtengo wa mango ndi khoma la bafa. Bambo a kunyumba anayesa kangapo kulilowetsa ndi galimoto mpaka tinagwirizana zoti tizingoimasula ngolo pa msewu, kutsitsa katayala kakang'ono ka kutsogolo kaja, n'kuikankha ndi manja. Anthu atatu amakwanira, mmodzi kuwongolera mkono wa ngolo, awiri kukankha. Ngolo ya matayala awiri ikamasulidwa imatembenukira pamalo amodzi, chinthu chimene galimoto singachite, ndipo ngati boti linakhazikidwa bwino, kulemera kotsamira pa mkono kumakhala pakati pa 5 ndi 7 peresenti ya kulemera konse, zomwe kwa inu zingakhale makilogalamu 55 mpaka 77. Katayala kaja kamasenza zimenezo mosavuta pa simenti kapena pa dothi louma.

Koma ngati mwasankha kulowa ndi galimoto, nkhani ya wokuwongolerani muikonze musanayambe, chifukwa pamene ndinaona zinthu zikuonongeka kwambiri ndi pamene anthu anayi akukuwa nthawi imodzi, wina akuti kumanja, wina akuti bwerani, dalaivala osadziwa womvera. Sankhani munthu mmodzi yekha, kaya ndi mlonda kaya ndi mayi a kunyumba. Aime mumpanda chakumbali, pomwe mukumuona pa galasi la kumanja komanso pomwe iye akuona chipilala chimene inu simukuchiona, ndipo asaime kumbuyo kwa boti ngakhale pang'ono, chifukwa pakati pa injini ndi khoma munthu akhoza kufinyika. Mawu akuti kumanja ndi kumanzere amasokoneza popeza iye wayang'ana kwa inu, choncho azingoloza ndi dzanja komwe mchira wa boti uyenera kupita, ndipo poimitsa akweze manja onse awiri. Akangosowa pa galasi, pondani buleki mpaka aonekenso. Usiku atenge tochi, koma aziunikira pansi pa tayala ndi chipilala, osati kumaso kwanu. Ana ndi agalu atsekeredwe m'nyumba musanatsegule geti.

Ndifunseko chinthu chimodzi chimene simunatchule: kodi mumpanda mwanu ndi mosalala mofanana, kapena mumatsetsereka?

Msodzi wa Loweruka anayankha kuti:

Zikomo mayi, ndinaiwaladi kutchula zimenezo. Kamlatho kamakwera mpaka pa njanji ya geti, kenako pabwalo pamatsetsereka kulowera ku nyumba, moti madzi a mvula amathamangira ku khonde. Kuchokera pa geti kufika pa khonde pali mamita 9.

Dalaivala Wopuma anayankhanso kuti:

Ngati ndi choncho, mayi, ndikupempha kuti njira yokankha ndi manja tiichotse pa nkhani ya achimwenewa, ngakhale kwanu ikugwira bwino ntchito. Kukwera kamlatho anthu atatu adzavutika koma adzakwanitsa, ndipo ngozi idzayamba matayala akangodutsa njanji ya geti, chifukwa pamenepo ngolo imaleka kukankhidwa n'kuyamba kukoka anthu. Makilogalamu 1,100 akayamba kuyenda pa mtsetse, ngakhale wooneka wochepa, palibe manja angawaimitse, ndipo chimene chidzayambe kufika pa khonde ndi injini, chomwe ndi chinthu chodula kuposa zonse pa botilo. Wogwira mkono wa ngolo nayenso akhoza kukokeredwa pansi. Ngolo ikhale yolumikizidwa ku galimoto mpaka itafika pamalo ake. Ikani matabwa awiri okhuthala pomwe matayala ayenera kuimira kuti akhale malire anu, ndipo musanamasule cholumikizira tsekerani matayala onse awiri kutsogolo ndi kumbuyo. Njerwa zowotcha musazidalire pa ntchito imeneyi chifukwa zimafumbutuka zikapanikizika.

Makaniko wa ku Ndirande anayankha kuti:

Bwana, ine ndilankhulapo za fungo limene linathamangitsa mayi kukhitchini, chifukwa mukabwereza zimenezo kangapo mudzagula kilatchi yatsopano chaka chisanathe. Giya yobwerera m'mbuyo imathamanga kuposa mmene munthu wolowetsa ngolo amafunira, choncho dalaivala amakakamizika kuponda kilatchi theka kuti achepetse liwiro, uku galimoto ikukankha katundu woposa tani pokwera. Kutentha konseko kumathera pa kilatchi.

Ngati Hilux yanuyo ndi ya 4x4, mankhwala ake muli nawo kale pa kagiya kakang'ono kamene kali pambali pa giya yaikulu. Mukaika pa L4, yomwe ndi giya ya mphamvu yoyendera pang'onopang'ono, liwiro la giya iliyonse limatsika kuposa kawiri, moti mumatha kuchotseratu phazi pa kilatchi, galimoto n'kumakwawa yokha osaponda mafuta, ndipo maganizo anu onse amakhala pa chiwongolero. Koma yang'anani kaye pakati pa matayala a kutsogolo. Ma Hilux ambiri akale ali ndi mahabu opotokola ndi dzanja olembedwa FREE ndi LOCK. Mukawasiya pa FREE n'kuika L4, mphamvu imapita ku matayala a kumbuyo okha ndipo mumakhota momasuka ngakhale pa phula. Ngati galimoto yanu ilibe mahabu otere ndipo matayala onse anayi amagwira mukaika L4, musakhote kwambiri pa phula kapena pa simenti youma, chifukwa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo amayenda mitunda yosiyana pokhota, zitsulo za pansi zimamangika, ndipo mumamva galimoto ikudumphadumpha ngati yakana. Zikatero muziika L4 pokhapokha ngolo itawongoka, pongokwera kamlatho basi.

Chitunda cha pa njanji ya geti chili ndi misampha iwiri. Pamene matayala a ngolo adakali pa msewu, mchira wa boti umakhala utafika kale pamwamba pa kamlatho pomwe pali pokwera, ndipo chipsepse cha pansi pa injini, chija chimateteza pulopela, chimatha kukhula simenti n'kuthyoka. Injini ikhale yodzutsidwa ndi yochirikizidwa bwino musanayambe. Kenako matayala a ngolo akadutsa njanji n'kuyamba kutsika, a galimoto adakali kunja, mkono wa ngolo umadutsa pafupi kwambiri ndi nsonga ya chitunda. Katayala ka kutsogolo kaja mukangokakweza theka kadzakoka njanji, ndipo geti silidzatsekekanso bwino. Kakwezeni mpaka kumapeto n'kukamanga molimba.

Pali njira ina imene ndinawakonzerapo anthu awiri a maboti, yomwe ndi kuika chokokera china kutsogolo kwa galimoto. Munthu amafika pa msewu, kumasula ngolo, kutembenuza galimoto, n'kuilumikiza kutsogolo, kenako amaikankha akuiona ndi maso, ndipo popeza matayala owongolera ali pafupi ndi cholumikizira, ngolo imamva msanga kwambiri. Chokokeracho chimangiriridwe ku chasisi, osati kuwotcherera pa bampala, chikhale chakumanzere pang'ono kuti boti lisakutchingeni, ndipo mpira wake wachitsulo, pomwe ngolo imakoleka, ukhale wa mamilimita 50 monga wa kumbuyo. Komabe sindikukulimbikitsani kuthamangira zimenezi, chifukwa kumasula ndi kutembenuza pa msewu wa mamita 5 kudzatsekereza anthu nthawi yaitali kuposa kungolowa chafutambuyo mukazolowera. Yambani mwayesa za a Dalaivala, zomwe sizifuna ndalama.

Mphwanu wa ku Durban anayankha kuti:

Achimwene, ndiwonjezereko mfundo imodzi imene inandizunguza mutu nditangoyamba ntchito yokokera maboti a abwana anga kuno. Ngolo yolemera ngati yanuyo nthawi zambiri imakhala ndi mabuleki ake amene amagwira okha mkono wa ngolo ukapanikizika, monga zimachitikira galimoto ikamaima ngolo n'kuikankha kumbuyo. Tsono pobwerera m'mbuyo pokwera, galimoto imapanikiza mkono womwewo, ndipo ngolo imayesa kuti mukuima. Ngolo zatsopano zili ndi mabuleki amene amamasuka okha matayala akayamba kuzungulira chambuyo, koma zakale zambiri zili ndi kachitsulo pafupi ndi cholumikizira kamene muyenera kukatembenuza ndi dzanja musanabwerere. Ngati yanu ndi yotero ndipo simunakatembenuze, ndiye kuti Lamlungu lija munali kukankha ngolo yomanga mabuleki, zomwe zingafotokoze kununkha kwa kilatchi komanso kupindika msanga, pakuti ngolo yokana kuyenda imathawira kumbali. Mukamaliza muzikumbukira kukabwezeretsa, kuopa kudzatsika mitsetse ya pa njira ya ku Salima ngolo ilibe mabuleki.

Komanso popeza pabwalo panu pamatsetsereka kulowera komwe kuli mchira wa boti, dziwani kuti mabuleki omasuka okha aja amalola ngolo kuyenda pang'ono chambuyo ngakhale handibuleki yake itakokedwa, makamaka ngati sinakokedwe mpaka kumapeto. Matabwa amene anena a Dalaivala asachoke.

Kuno ku South Africa laisensi ya B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo yoposa pamenepo imafuna EB. Mukadutseko ku ofesi ya Road Traffic ndi laisensi yanu pamodzi ndi mapepala a ngolo kuti akuuzeni ngati zikugwirizana, chifukwa tsiku limene mchira wa boti udzakhudze galimoto ya munthu pa msewu, a inshulansi adzayambira pa funso limenelo.

Msodzi wa Loweruka anabweranso n'kulemba kuti:

Akuluakulu, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera, pakuti mwandithandiza kwambiri. Ndinayamba ndi kuyang'ana mkono wa ngolo monga ananenera achimwene a ku Durban, ndipo kachitsulo kaja ndinakapezadi, katachita dzimbiri moti ndinachita kuthira mafuta n'kukagogoda ndi hamala kuti katembenuke. Mnzanga amene anandigulitsa sanandiuzepo za iko, ndipo kunyanja sindinkazindikira kanthu chifukwa kumeneko ndimabwerera m'mbuyo potsetsereka kulowera m'madzi, pomwe ngolo imakoka galimoto m'malo mopanikizika. Mahabu nawonso alipo, ndipo ndinali ndisanawagwirepo chigulireni galimotoyi.

Loweruka ndinapempha bwalo la tchalitchi chathu, ndipo ine ndi mlonda tinajambula zonse ndi phulusa. Maulendo asanu oyambirira ndinagwetsa nsungwi nthawi zonse, ndipo chinandidabwitsa n'chakuti inali ya mbali imene ndikuiona, chifukwa ndinkayamba kukhota msanga poopa mbali inayo. Kenako ndinazindikira kuti ndimaima patali kwambiri nditadutsa geti, moti kupindika kumene ndinakonza kunkatha ndisanayambe kubwerera. Titafupikitsa ndi mamita awiri zinayamba kulondola. Mlonda anaika chidebe pomwe pafanana ndi phewa langa ndikaima pamalo oyenera, ndipo titabwerera kunyumba tinayeza mtunda womwewo n'kupaka kadontho ka penti yoyera pa mpanda wathu kunja.

Lamlungu m'mawa, anthu ambiri ali kutchalitchi ndipo msewu uli zii, ndinayesa pa geti penipeni, nditazungulira kuti likhale kumanja. Ndinalowa nditapita kutsogolo katatu, m'mphindi zosakwana 10, kilatchi osanunkha. Ulendo wachiwiri ndinapita kutsogolo kawiri. Chimene chinatsala pang'ono kundigwetsa ndi chimene a Dalaivala anachenjeza, chifukwa nditatsika kukaona ndinapeza tayala la kutsogolo la kumanzere latsala masentimita osakwana 10 kuti lilowe m'ngalande ya tsidya lina, ine ndili wokondwa ndi mmene ngolo ikuyendera. Tsopano mwana wanga wamkulu amaima kutsogolo chapatali kuyang'anira tayala limenelo, koma tinagwirizana kuti iye ntchito yake ndi kukweza manja poimitsa basi, wowongolera akhalebe mlonda yekha.

Mmisiri uja ndamuuza kuti za chipilala tasiya, koma adzabwere adzaike kamzere ka simenti kokwera masentimita 10 m'mphepete zonse ziwiri za kamlatho, kuti tayala lizigunda kaye lisanaphonye, ndipo eni nyumba avomera popanda vuto. Usiku sindinayesebe. Kwa miyezi ikubwerayi ndizinyamuka ku Senga Bay isanakwane 2 koloko masana kuti ndizifika kukuwala, ndipo ndikufunsa a Makaniko ngati n'zotheka kuika nyali yoyera kumbuyo kwa ngolo yomwe ingamayake pamodzi ndi giya yobwerera m'mbuyo, popeza nyali za galimoto zimangowalira pa mphuno ya boti.

Makaniko wa ku Ndirande anayankha kuti:

N'zotheka, bwana, koma werengani kaye timano ta pulagi ya ngolo yanu. Ngati ndi ya timano 7 yamasiku onse, nthawi zambiri simukhala waya wa nyali yobwerera m'mbuyo, choncho pafunika kukoka waya wina kuchokera ku nyali ya galimoto, kapena kusintha mbali zonse ziwiri kuti zikhale za timano 13. Nyaliyo ikhale ya LED yomatidwa bwino yosalowa madzi, chifukwa kumbuyo kwa ngolo kumamira nthawi iliyonse mukamatsitsa boti, ndipo muike ziwiri pafupi ndi matayala zoloza pansi chakunja, kuti ziziunikira m'mphepete mwa kamlatho ndi tsinde la chipilala, osati khonde.